Mbuzi Zinkanyambita Khoma Lathu

Ndikuthokoza Mulungu amene wandipatsa masiku ambiri, ndi aphunzitsi aja amene anandigwiritsa cholembera pansi pa mtengo wa bwemba, chifukwa lero ndikutha kulemba ndekha zinthu zimene pakamwa zimandikanika. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalekeza pamene tinkayamba kuwerenga Uthenga Wabwino osaloza ndi chala. Ndiye pamene mawu apindika mundikhululukire.

Kwathu ndi kuchigwa, kumunsi kwa Chikwawa, kumene dziko lili see ngati mphasa ndipo dzuwa la chilimwe limakupsereza ngakhale uli pamthunzi. Amayi anga anali ophika mchere, monganso amayi awo. Kuseri kwa mudzi wathu kunali chidikha chimene udzu sunkamera bwino, ndipo mvula ikatha pamwamba pake pankayera ngati pawazidwa ufa. Amayi ankapala dothi limenelo ndi chigoba, n'kuliika mu mphika wobowoka woyala udzu pansi, n'kuthira madzi. Madzi odontha aja ndiwo ankaphika mpaka aphwe, mchere n'kutsala mu mphika. Anthu ankatsika kuchokera kumapiri kudzasinthitsa ndi nyemba ndi makasu. Ine ndinakula ndikulawa dothi. Ndikaika kadothi palilime ndinkadziwa kuti ili ndi la mchere, ili ndi lozizira, ili ndi la pachulu.

Masiku amenewo kumanga nyumba kunali ndi magawo ake. Amuna ankadula nsichi za tsanya, mtengo umene chiswe chimaugonja, n'kuzika, n'kumangirira bango, n'kukweza denga. Akatsika padenga ntchito yawo yatha. Dothi linali la akazi. Mkazi ndiye ankadziwa kokumba, ndiye ankaponda, ndiye ankamata, ndiye ankazira pansi. Mwamuna wosankhira mkazi wake dothi akanasekedwa mpaka kudambo. Ndipo palibe mkazi wa kwathu amene akanamatira nyumba dothi la kuchidikha kuja, chifukwa tonse tinkadziwa kuti limayoyoka.

Amuna anga anali a kutsidya kwa Shire. Ali mnyamata anakwera kumapiri, kumishoni, kumene anaphunzira kuumba njerwa, kuziwotcha ndi kumanga. Anatsikako ndi chikombole chamatabwa, chitsulo chopakira matope, ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, choonera ngati khoma laima chilili. Atandikwatira anadzakhala kwathu, pachikamwini. Anali munthu wofatsa, wopemphera, koma khasu silinkamukhala m'manja, ndipo alongo anga sankamusiya.

“Alamu, mzere umodzi womwewu kuyambira m'mawa? Kapena mukuuyesa ndi chingwe chanu chija?”

Iwo ankangoseka, koma pobwera kunyumba nkhope inali itagwa. Tsiku lina anandiuza kuti, “Mayi a mwana, pamudzi pano ine ndili ngati nkhuku yogula. Ndikumangirani nyumba ya njerwa, yoti alamu anga akamadutsa azichepetsa mawu.”

Ndinakondwa. Ndani sakanakondwa? M'dera lonselo nyumba za njerwa zinali za Boma, za amishoni, ndi masitolo a ku Chiromo. Munthu wamba analibe.

Koma njerwa inali ntchito ya kumishoni, ndipo kumishoniko amene ankasankha dothi anali amuna. Choncho gawo lathu lija linalandidwa popanda wina kuzindikira kuti lalandidwa. Ife anatisiyira kutunga madzi basi. Amuna anga anayendayenda ndi khasu, kukumba apa, kukumba apo. Makande akuda a kumunda anawakana, ndipo anakana bwino, chifukwa amang'aluka akauma. Chulu chachikulu chinalipo, koma chinali patali ndi madzi. Kenaka anafika m'mphepete mwa chidikha cha amayi. Dothi la pamenepo linali losalala, lopanda miyala, lotuluka bwino m'chikombole, madzinso ali pafupi. Anaumba njerwa zitatu zoyesera, zinauma zosang'aluka, iwo n'kuti, “Ndalipeza.”

Tsiku loyamba kutungira madzi ndinatula mtsuko, ndinatsina kadothi pa njerwa yaiwisi, ndinalawa.

“Bambo a mwana, dothi ili lili ndi mchere.”

“Inde, pang'ono. Ukapsa mu uvuni.”

“Mchere supsa. Amayi amauphika pamoto tsiku ndi tsiku. Madzi ndiwo amathawa, mchere umatsala.”

Panali anthu, alongo anga awiri ndi anyamata oponda matope. Mmodzi anati, “Ehe, alamu, mphunzitsi wanu wina ndi ameneyu!” Onse anaseka. Amuna anga anandiyang'ana, osati mwaukali ayi, koma ngati munthu amene wamuvula nsalu pagulu. Anati, “Moto wa uvuni si moto wa pamafuwa, mayi. Zimenezi tinaphunzira.” Ndinasenza mtsuko wanga n'kubwerera kumadzi. Ndinanena kamodzi kokhako. Sindinabwerezenso, ngakhale tili awiri.

Ndisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Maziko anakumba mpaka m'chiuno. Ngodya iliyonse ankaiyesa ndi chingwe chija kawiri katatu. Njerwa ankazilumikiza mopingasa kuti mzere usagwere pa mzere unzake. Uvuni unayaka masiku atatu, ndipo njerwa zinatuluka zofiira, ukagundanitsa ziwiri zinkalira ngati belu. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, chitseko cha matabwa, denga la udzu. Itatha anthu ankachokera midzi ina kudzaiona, ena kuigwira ndi manja. Alongo anga anasiya nthabwala zawo. Tsiku lolowamo amuna anga anapemphera mpaka mawu anawathera, ndipo ine ndinati mwina ndine ndinalakwa, moto wa uvuni ndi wina ndithu.

Mvula yoyamba inabwera n'kupita. Kutayamba kuuma, m'munsi mwa makoma munatuluka zoyera, kuchokera pansi kufika m'mawondo. Ndinkasesa ndi tsache, patapita masiku zabweranso. Kenaka mbuzi zinadziwa. M'mawa uliwonse zikatuluka m'khola sizinkapita kutchire, zinkathamangira kukhoma la kumadzulo, n'kundandana, n'kumanyambita. Ana ankaseka, anthu odutsa ankaseka, inenso nthawi zina ndinkaseka. Amayi anga okha sankaseka. Anaima tsiku lina n'kuyang'ana mbuzizo nthawi yaitali, n'kupita osanena kanthu, chifukwa mpongozi sadzudzula ntchito ya mkamwini.

Chaka chachiwiri nkhope za njerwa za m'munsi zinayamba kusupuka ngati khungu la munthu wopsa. Ukakhudza ndi chala pankagwa ufa wofiira. Amuna anga anaona. Ndinawapeza kangapo atanjuta pamenepo akukanda ndi chikhadabo, koma akamva mapazi anga ankaimirira n'kuyamba nkhani ina. Potsiriza anati, “Mayi, mumateko m'munsimu, mbuzizi zikuwononga.” Ndinakatenga dothi labwino la pachulu, ndinamata bwinobwino, khoma linaoneka latsopano. Tonse awiri tinapuma. Lero ndikudziwa kuti kumata koteroko kuli ngati kufunditsa nsalu pachilonda. Chimanyeka m'kati, iwe osaona.

Ndiye kunabwera nkhondo ya Azungu. Amuna a m'midzi ankatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ntchito ija ya tengatenga. Amuna anga anatengedwa pamodzi ndi alongo anga awiri. Tinali ndi ana atatu, wachisamba wamkazi, wachiwiri wamwamuna, ndi mzime wamkazi amene anali kubere. M'mawa wonyamuka anasiya chikombole ndi chingwe chawo pamwamba pa khoma m'kati, anagwira mphuthu ya chitseko, n'kuti, “Mundisungire nyumbayi. Ndidzaipeze ili chiimire.” Ndinavomera.

Zinadutsa mvula ziwiri popanda uthenga. Ena ankabwera atatupa miyendo, ena ankabwera dzina lokha. Aliyense wobwera ndinkamufunsa, yankho linali limodzi, “Tinasiyana kumpoto, anali moyo.” Chilimwe chilichonse ndinkamata m'munsi mwa khoma, ndipo chilimwe chilichonse dothi lolowa linkachuluka, chifukwa mphako inkakula. Chitseko chinayamba kukana kutseka. Ndinkachikweza ndi phewa. M'mawa ndikamasesa ndinkapeza kamzere ka fumbi lofiira m'tsinde mwa khoma la kumadzulo, ngati chiswe chagwira ntchito, koma chiswe panalibe. Pangodya ya khomalo panatuluka mng'alu woyambira pamwamba, woti chala cha mwana n'kulowa.

Chilimwe chachitatu, kutatsala pang'ono kuti mvula igwe, kunabwera bambo wina wachikulire kudzafuna mchere kwa amayi. Anali Msena wa ku Zambezi, mmisiri amene anamangira Apwitikizi zaka zambiri, ndipo nthawi imeneyo ankakonza sitolo ina kufupi ndi kwathu. Mchere unali usanaphwe, ndiye anakhala pansi kudikira. Maso ake anagwa pa nyumba yathu, ndipo sanachokepo.

“Mai, nyumba iyi njanu?”

“Njathu, bambo. Anamanga amuna anga. Ali kunkhondo.”

“Ndione?”

Sanayembekeze yankho. Anazungulira kamodzi, n'kuima pakhoma la kumadzulo. Anatulutsa kampeni, anaboola dothi langa lomata lija, chigamba chonse chinagwa. Kuseri kwake kunali mphako yoti nkhuku n'kuikiramo. Anapisa dzanja, anatulutsa theka la njerwa, analifinya, linasanduka ufa m'manja mwake. Ananyambita chala n'kulavula.

“Munyu,” anatero. Ndiwo mchere m'Chisena. “Anaumbira kuti?”

Ndinaloza kuchidikha. Anagwira pakamwa.

“Pakhomo pa ophika munyu, n'kuumba njerwa za munyu! Panalibe wolawa?”

“Analipo, bambo.”

Anandiyang'ana, n'kusiya pomwepo. Anali munthu wanzeru.

Anandifotokozera bwino, ngati akuphunzitsa mwana wake. Anati njerwa imamwa madzi a m'nthaka ngati nsalu yoviika nsonga. Madziwo akakwera amasungunula mchere uli m'kati, dzuwa likaomba madzi amathawa, mchere n'kuuma n'kutupa, n'kuphwanya njerwa pang'onopang'ono. Chaka ndi chaka chimodzimodzi. Anati njerwa yolira bwino si ndiye kuti ili bwino, woumba wochenjera amaviika imodzi m'mbale ya madzi, theka m'madzi theka kunja, n'kudikira masiku. Ikayera pamwamba, dothi limenelo alisiye, ngakhale likhale losalala ngati mafuta.

Kenaka anapempha chingwe. Ndinakatsitsa cha amuna anga chija. Anakwera pamtondo, anagwira nsonga pamwamba pa khoma kunja, kachitsulo n'kulendewera. Pamwamba chingwe chinakhudza njerwa, koma pansi chinatalikira khoma mwakuti chikhatho chake chonse chinalowa pakati.

“Mwaona? Mutu wapita kunja, miyendo yadyeka. Denga nalo likukankha. Khoma ili likuyenda, mai.”

“Ndikamata kwambiri?”

“Nkhabe, ayi! Kumata n'kudzinamiza. Mwamata kale kangati?”

Anatapa kadothi konyowa, anakapaka mopingasa pamng'alu wa pangodya uja, n'kusalaza ndi chala. Anati, “Ndibweranso pakapita masiku anayi kudzatenga munyu wanga. Kadothi aka kakang'ambika, musadikire ine. Tulutsani ana. Mvula ikanyowetsa m'munsimu, khoma ili silidzakufunsani.”

Tsiku lachitatu kadothi kanali katang'ambika pakati.

Ndinayamba kusamutsa katundu kupita kwa amayi. Ndinatulutsa mphasa, mitsuko, dengu la mapira, zonse zili pabwalo. Ndipo nthawi yomweyo anatulukira apongozi anga, amayi a amuna anga. Mwezi uliwonse ankawoloka Shire pabwato kudzafunsa ngati kwamveka kanthu. Anali mayi wabwino, ankandikonda, pobwera sankalephera kunyamula kansomba kouma ka adzukulu. Mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekhayo. Ataona katundu pabwalo anaponya kamtolo kawo pansi, anakhala m'fumbi.

“Wabwera ndani? Mwamva liti? Bwanji osanditumizira munthu?”

“Iyayi amayi, sitinamve kanthu. Ndi khomali, likufuna kugwa.”

Apa ndifotokoze, chifukwa ana a masiku ano sadziwa. Kwathu nyumba inkatsata mwini wake. Mwamuna akamwalira, maliro akatha, katundu ankatulutsidwa, nyumba n'kugwetsedwa. Nyumba ya munthu wamoyo sinkasiyidwa chapululu, ndipo sinkagwetsedwa mwini ali paulendo. Kutero kunali kumuitanira imfa, kunena kuti ife kuno tatha naye.

Apongozi anaima, anapita kukhoma, analimenya ndi chikhatho. “Ili? Ili likugwa? Khoma lolimba ngati mwala! Mwana wanga ali m'tchire la eni, akugona pamvula, ndipo inu kuno mukumutulutsira katundu? Mwatopa kudikira? Ngati pali wina amene wakulonjezani, nenani, mayi, ine ndimva. Koma musandiphere mwana ali moyo.”

“Amayi, mmisiri waona. Wati ana achoke.”

“Mmisiri wa kuti? Iye ndiye anabala mwanayo? Wodutsa ndi wodutsa. Mawa ali ku Zambezi, ife tili pamaliro.”

Analira, inenso ndinalira. Amayi anga anabwera, anakhala chapatali, anangoti, “Khomo langa ndi lotsekula, mwana wanga. Koma mwamuna ndi wako.” Iwonso anali ndi ana awiri kunkhondo komweko, ndipo mantha amene anali mwa apongozi analinso mwa iwo.

Ine ndinali wobatizidwa. Ndinkadziwa kuti moyo wa munthu uli m'manja mwa Mulungu, suli mu njerwa. Ndikanafunsidwa m'kalasi ndikanayankha bwino. Koma pabwalo paja ndinaganiza kuti, nanga ndikatuluka lero, mawa n'kubwera uthenga woti amwalira, ndidzayang'ana bwanji mayi ameneyu? Ndidzadziuza chiyani ine mwini? Ndinakumbukiranso dzanja lawo pamphuthu ya chitseko. Ndinatola mphasa n'kubwezera m'nyumba. Apongozi anandithandiza kunyamula mitsuko, akundithokoza.

M'mawa mwake mmisiri uja anabwera, anaona kadothi kong'ambika, anaona utsi ukutuluka m'nyumba. Anakwiya.

“Mai, muli ndi makutu? Ndinati ninji?”

Ndinamuuza zonse. Mwambo umenewo kwawonso ankaudziwa. Anapukusa mutu n'kuti, “Chabwino. Ngati simutuluka, tilande denga m'manja mwa khoma.” Anataya tsiku lake lonse chifukwa cha ife, Mulungu amukumbukire kumene ali. Tinapita kutchire, iye, ine ndi amayi, tinadula mitengo inayi ya tsanya ya mphanda ndi mitanda iwiri. Anakumba maenje m'kati mwa nyumba, kutalikira khoma phazi limodzi, anaika mwala pansi pa dzenje lililonse kuti mtengo usamire, anaimika, anagoneka mitanda pamphanda, n'kukhomera tizidutswa ta mitengo tosongoka mpaka mapaso onse anakhala pamitandayo. Tinamva denga likulira pamene linkachoka pakhoma.

“Tsopano khoma likagwa, denga silikutsatani,” anatero. “Ana azigona mbali ya kum'mawa. Koma mverani ichi, mai. Khoma limagwera kumene laweramira. Ili ligwera kunja. Dulani minga, mutchinge mbali yonseyi, mapazi asanu kuchokera pakhoma. Mbuzi isafikepo, mwana asafikepo. Lero lomwe.”

“Ndamva, bambo. Takhuta,” ndinamuthokoza m'Chisena.

Amayi anamupatsa mchere wake, anawonjezera ndi wina, anapita. Sindinamuonenso.

Minga sindinadule. Ndilembe mawu amenewa poyera, chifukwa ndakhala nawo zaka zambiri. Mitengo ya mphanda inali m'kati, munthu wodutsa sakanaiona. Koma minga ikanakhala panja, ndipo kwathu minga tinkaika pamanda atsopano kuopa afisi, ndi pakhomo la nyumba yotsekedwa. Apongozi anali asanawoloke, ankagona kwa amayi. Ndinati akapita ndidula. Atapita ndinati ndithe kaye kusosa kumunda. M'malo mwa minga ndinaika mawu. Ndinaitana ana n'kuwauza kuti, “Kuseri uku kusapite munthu. Mwamva?” Anati tamva. Wachisamba anali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Mzime anali ndi zitatu, ankayankha “tamva” pa chilichonse.

Mvula inagwa masiku awiri osalekeza, ya mphepo, yomenya khoma lomwelo. Tsiku lachitatu kunacha kowala, dzuwa loluma, nthaka ikufuka nthunzi. Aliyense anathamangira kumunda kukabzala. Munda wanga unali pafupi, woti munthu akaitana pakhomo umamva. Ndinatenga mwana wamwamuna uja kuti aziponya mbewu, ndinasiya mzime ndi mkulu wake, amene ndinamuuza kuti apere mapira pamthunzi wa nkhokwe.

Kuchigwa kuno mwana amatsata mthunzi ngati madzi atsata kutsika. M'mawa mthunzi waukulu pakhomo pathu unali umodzi, kuseri kwa khoma la kumadzulo, ndipo pansi pake panali pozizira chifukwa cha mvula ija. Wamkulu anawerama pamphero. Wamng'ono anatola chigoba chake ndi timiyala, anazungulira nyumba.

Sikunali phokoso lalikulu. Ndinamva ngati munthu watula mtolo waukulu wa nkhuni, kenaka fumbi lofiira linakwera pamwamba pa denga. Denga linali chiimire. Ndinati mumtima, zikomo Ambuye, mitengo yagwira. Ndinayamba ndathokoza. Kenaka ndinamva wachisamba akuitana dzina la mng'ono wake, kawiri, katatu, mawu akukwera.

Tinafukula ndi manja, ine, amayi ndi akazi a mudzi, chifukwa amuna analipo ochepa. Njerwa za pamwamba zinali zolimba, zolemera, zomangidwa bwino, zinagwa zogwirana ngati chitseko chimodzi. Tinamupeza atagona chammbali, chigoba chili m'manja. Ankapuma. Ndinamunyamula kupita naye kwa amayi, ndinamusambitsa fumbi, ndinamuyika pamiyendo. Sanalire, sanatsekule maso. Ndinamuimbira nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda, ngakhale mawu ake ankawapotoza. Dzuwa lisanapendeke anasiya kupuma.

Za maliro sindilemba.

Atatha maliro, akuluakulu a mbumba anakhala pansi n'kunena kuti nyumba imene yadya mwana singasiyidwe. Palibe anafunsa za mwini wake. Palibe anati tidikire uthenga. Apongozi anali pomwepo, atafunda nsalu kumutu, ndipo sanatsutse. Anthu anatenga mitengo n'kumakankha makoma atatu otsalawo, ndipo sanachedwe nawo, ankangogwa ngati akhala akudikira. Pofika masana panali mulu wofiira. Nyumba imene ndinaopa kuituluka masiku onse aja inatha nthawi yochepa kuposa yophika mphika umodzi wa nyemba.

Apongozi asanawoloke anabwera pamene ndinakhala. Anagwada, mayi wamkulu, kugwadira ine mpongozi wawo. Anati, “Ndine, mayi. Pakamwa panga.” Ndinawadzutsa. Ndinati, “Iyayi amayi, inu munanena za katundu. Za minga mmisiri anauza ine.” Tinagwirana manja nthawi yaitali. Sindinawasungire kanthu mumtima, ndipo mpaka imfa yawo ankabwerabe ndi kansomba kawo.

Amene anandivuta anali wachisamba. Anasiya kudya, anasiya kusewera, mphero ankaizungulira patali. Tsiku lina tikuchokera kotunga madzi anaima m'njira, mtsuko uli pamutu, n'kuti, “Amayi, ndinangoyang'ana pansi pang'ono.” Ndinamutula mtsuko, ndinakhala naye pansi m'njira momwemo. Ndinamuuza zonse, za dothi limene ndinalawa, za mmisiri, za minga imene sindinadule. Ndinati, “Iwe unapatsidwa mapira kuti upere, ndipo unapera. Katundu uyu ndi wanga, usandilande.” Sindidziwa ngati mwana wa msinkhu umenewo anamva zonse, koma madzulo ake anadya. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho.

Nkhondo inatha. Mlongo wanga mmodzi anabwera, wina sanabwere. Amuna anga anafika nthawi yokolola mapira, masana, atatsamira ndodo. Ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha, chifukwa thupi linali litatha, mapazi otupa, chifuwa chikulira. Anali atamva kale kudooko, wopalasa bwato anawauza. Sanapite kwa amayi kumene tinkakhala. Anapita pamulu paja, pamene panali patamera kale bonongwe, n'kukhala pansi. Ndinawatengera madzi. Anamwa, anatola chidutswa cha njerwa, anachiyang'ana, n'kuchiika pansi bwinobwino.

“Akuti munadziwa kuti ligwa.”

“Ndinadziwa.”

“Nanga osatuluka bwanji?”

“Munati mudzaipeze ili chiimire. Ndiponso tinaopa kukuitanirani imfa.”

Kenaka anati, “Kumene ndinali, anthu ankafa tsiku lililonse, a nyumba zoimirira ndi a nyumba zakugwa. Mukanagwetsa, mayi. Ine sindinali njerwa.” Anatsokomola. Atapezanso mpweya anati, “Komatu ndinaumba ndine. Munandiuza pa anthu, ine n'kuona manyazi.”

Sindinafune kuwonjezera katundu pa munthu amene anali atatha kale choncho, ndipo iwonso sanawonjezere pa ine. Ana awiri aja anaima chapatali, akuopa mlendo. Bambo awo anawaitana, anawagwira mitu mmodzimmodzi, dzanja lawo n'kutsala m'malere pang'ono, ngati likufuna mutu wachitatu.

“Ndiperekezeni,” anatero.

Kumanda sikunali kutali, koma tinapuma kawiri panjira. Tikafika pamthunzi ankakhala pansi, ine n'kuima ndi ndodo yawo mpaka chifuwa chitaleka. Titafika ndinawalozera. Anagwada movutika, anayamba pemphero la Ambuye, anafika pakati n'kulephera. Ndinamalizitsa ine.